Kuwongola mano: waya, pulasitiki kapena njira yachidule?

Pa 8 Disembala 2023, anthu miyandamiyanda ku America, Canada, Britain ndi Australia adadzidzimuka atamva kuti kampani yomwe imawawongola mano yatseka. Kampaniyo, SmileDirectClub, idali itachita malonda kwa zaka 9 ndipo inkadzitama kuti idathandiza anthu oposa 2 miliyoni.

Uthenga womwe idasiya pa intaneti udali waufupi. Malonda atha, amene ali pakati pa chithandizo akadzipezere okha dokotala wa mano kwawo, lonjezo lakuti kampani idzawasamalira moyo wawo wonse lafera pomwepo, koma amene adatenga katundu pangongole apitirize kubweza.

Ambiri mwa anthuwa mano awo adali atasuntha kale koma asadafike pomwe amayenera kufika. Sadaonanepo maso ndi maso ndi dokotala yemwe adavomereza chithandizo chawo, ndipo tsopano padalibenso ofesi yoti n'kukadandaulako.

Chaka chisadathe, mu Okutobala 2024, kampani ya Dentsply Sirona nayo idaimitsa malonda a Byte, zowongolera mano zinanso zotumiza pa positi, itakambirana ndi bungwe loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America la FDA. Mwezi wotsatira, khonsolo yoyang'anira madokotala a mano ku Britain ya General Dental Council idagamula kuti Mike Mew, dokotala yemwe adatchuka pa YouTube kaamba kotsutsa njira yakale yowongolera mano, afufutidwe m'kaundula.

Nkhani zitatuzi zautsanso mtsutso womwe wakhala ulipo kwa nthawi yaitali. Kodi mawaya omwe achinyamata amangowatchula kuti ma braces ndiwo njira yokhayo yodalirika, kapena ndi malonda okwera mtengo omwe madokotala akungowatchinjiriza? Nanga njira zatsopano zomwe zadzaza pa intaneti ndi chitukuko kapena msampha?

Wina atha kuona ngati iyi ndi nkhani ya kutali, ya anthu okhuta. Koma mtsikana wa ku Ndirande kapena mnyamata wa ku Area 25 yemwe ali ndi foni amaonera makanema omwewo a pa TikTok omwe mnzake wa ku London amaonera. Ndipo Amalawi omwe ali ku Johannesburg kapena Manchester amakumana ndi malonda amenewa pakhomo penipeni.

Fupa silisankha

Kuti munthu amvetse mtsutsowu, ayenera kudziwa kaye momwe dzino limasunthira.

Dzino silidakhomedwe m'nsagwada ngati msomali m'thabwa. Muzu wake umakhala m'kadzenje ka m'fupa, ndipo pakati pa muzuwo ndi fupa pali timinyewa tating'ono kwambiri tomwe timaligwira ndipo mumadutsa timitsempha ta magazi.

Dzino likakankhidwa ndi mphamvu yochepa koma yosalekeza, fupa la mbali yomwe likulowera limasungunuka pang'onopang'ono, pomwe kumbuyo komwe likuchoka kumamera fupa latsopano. Ulendo wake ndi wa nkhono, pafupifupi milimita imodzi pamwezi.

Mphamvu ikachuluka, magazi amaleka kufika bwino, muzu umadyeka n'kufupika, ndipo nthawi zina dzino limafa. Ikalunjika kolakwika, muzu umatulukira kunja kwa fupa ndipo nkhama zimathawa. Ngati munthu ali kale ndi matenda a nkhama, kukankha mano ake kuli ngati kugwedeza mtengo womwe madzi adakokolola kale dothi la m'tsinde mwake.

Fupa silidziwa ngati chomwe chikukankha dzino ndi waya wa kuchipatala, pulasitiki ya pa positi kapena mphira womangira ndalama. Chomwe chimasiyanitsa njirazi ndi yemwe akuyeza mphamvuyo, yemwe adaona zomwe zili pansi pa nkhama ntchito isadayambe, komanso yemwe angaimitse zinthu zikayamba kulakwika.

Njira ya waya

Kumanga mano ndi chitsulo sikudayambe lero. Dokotala wa ku France, Pierre Fauchard, adalemba kale mu 1728 za kachitsulo kokhota ngati uta komwe ankamangirirapo mano ndi ulusi. Koma yemwe amatengedwa ngati tate wa ntchitoyi ndi Edward Angle wa ku America. Mu 1899 iye adagawa mavuto a kalumidwe ka mano m'magulu atatu omwe madokotala akugwiritsabe ntchito, ndipo mu 1928 adatulutsa tizitsulo ndi waya zomwe ndi kholo la mawaya a masiku ano.

Angle ankakhulupirira kuti munthu aliyense atha kusunga mano ake onse 32, ndipo kuzula dzino labwinobwino pofuna kupeza malo ndi kulakwa kwakukulu. Wophunzira wake, Charles Tweed, ataona kuti mano a anthu ambiri omwe adawathandiza akubwerera m'mbuyo ndipo milomo yawo yatutumuka, adayambiranso ntchito pa anthu omwewo atawazula mano anayi. Mu 1940 adaonetsa anzake zotsatira za anthu 100, ndipo m'zaka zotsatira kuzula kudasanduka chizolowezi.

Kuchokera apo nkhani ya kuzula kapena kusazula yakhala ngati katungwe, uku ipite uku ibwere. Izi zikusonyeza kuti ngakhale m'nyumba ya madokotala enieniwo mumakhala kusamvana, ndipo amene amawatsutsa sikuti nthawi zonse amangobwebweta.

Masiku ano dokotala amayamba ndi kupima mano ndi nkhama, kujambula X-ray ndi kutenga chikombole cha m'kamwa. Akatero amamata kachitsulo pa dzino lililonse n'kudutsitsamo waya. Waya woyamba kawirikawiri umakhala wa nickel ndi titanium, womwe udayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1970. Wayawu ukapindidwa umafuna kubwerera momwe udalili, ndipo pobwererapo umakoka mano.

Munthu amabwerera kuchipatala pakatha masabata 4 mpaka 8 kuti dokotala aone ndi kusintha waya. Ntchito yonse imatenga pafupifupi miyezi 20, ndipo vuto likakhala lalikulu imapitirira zaka ziwiri.

Ubwino wa waya ndi wakuti umayendetsa dzino lonse, mutu ndi muzu womwe. Umatha kutembenuza dzino lomwe lidamera cham'mbali, kukoka lomwe lidakanirira m'fupa, komanso kutseka mpata waukulu pomwe pazulidwa dzino. Sudaliranso kukumbukira kwa mwini wake chifukwa suvulika.

Koma walira mvula walira matope. Masiku oyamba mano amawawa ndipo tizitsulo timachekacheka m'kati mwa milomo. Zakudya zimakanirira, ndipo munthu wosatsuka bwino amatsala ndi mawanga oyera pa mano, chomwe ndi chiyambi cha kubooka. Mizu imafupika pang'ono mwa anthu ambiri, ndipo mwa mmodzi mpaka asanu pa anthu 100 alionse imafupika kwambiri.

Vuto lina ndi lakuti mano sakhala pomwe awasiya. Robert Little wa pa yunivesite ya Washington ku America adatsatira kwa zaka zambiri anthu omwe adazulidwa mano ndi kuvala mawaya. Adapeza kuti patatha zaka 10 atasiya kuvala chogwirizira mano chotchedwa retainer, munthu mmodzi yekha pa atatu ndiye adali ndi mano akutsogolo am'munsi owongoka mokhutiritsa. Patatha zaka 20 adatsala mmodzi pa 10. N'chifukwa chake madokotala ambiri lero amauza anthu kuti retainer ndi ya moyo wonse.

Pamwamba pa zonsezi pali mtengo. Ku America chithandizochi chimadya pakati pa madola 3 000 ndi 7 000. Mtengo umenewu ndiwo udatsegula khomo la njira zina zonse.

Pulasitiki yoonekera m'kati

Maganizo osuntha mano ndi chovala chovulika adayamba ndi Harold Kesling mu 1945, koma adadikira kompyuta kuti asanduke malonda. Mu 1997 Zia Chishti ndi Kelsey Wirth, omwe adali ophunzira pa yunivesite ya Stanford ndipo sadali madokotala a mano, adayambitsa kampani ya Align Technology. Katundu wawo, Invisalign, adalowa pamsika mu 1999.

Pa njirayi mano amajambulidwa ndi makina, kompyuta n'kugawa ulendo wa dzino lililonse m'timagawo. Gawo lililonse limakhala ndi kapulasitiki kake koonekera m'kati, kotchedwa aligner, komwe kamavalidwa pa mano ngati chipewa. Kalikonse kamasuntha dzino pafupifupi kotala ya milimita, ndipo munthu amasintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Anthu akuluakulu omwe amachita manyazi kukaonekera kuntchito ndi zitsulo m'kamwa adailandira ndi manja awiri. Pulasitiki sioneka patali, sicheka milomo, ndipo munthu amaivula pakudya ndi potsuka mano, motero nkhama zimakhala zaukhondo kusiyana ndi za wovala waya.

Koma kuvulikako ndiye kufooka kwakenso. Pulasitikiyi imayenera kukhala m'kamwa maola 20 mpaka 22 patsiku. Yemwe amaivula kusukulu, kuukwati kapena pocheza ndi anzake n'kuiwala kubwezera amangotaya ndalama.

Komanso chithunzi chomwe kompyuta imaonetsa si lonjezo. Kafukufuku yemwe adatuluka ku America mu 2009 adapeza kuti mano ankangoyenda 41 peresenti ya mtunda womwe kompyuta idalosera. Wina wa mu 2020, zipangizo zitakonzedwa bwino, adapeza 50 peresenti. Pulasitiki imapendeketsa bwino mutu wa dzino, koma imavutika kutembenuza mano obulungira ndi kuyendetsa muzu.

N'chifukwa chake dokotala wogwiritsa ntchito njirayi amamata timabulu tating'ono pa mano kuti pulasitiki ipeze pogwira, amapala pang'ono pakati pa mano kuti apeze malo, ndipo gulu loyamba la mapulasitiki likatha amajambulanso n'kuitanitsa ena. Akatswiri omwe adaunika kafukufuku wosiyanasiyana akuti pa mano opanikizana pang'ono kapena a timipata, njira ziwirizi zimafika pafupifupi pamodzi, koma pa vuto lalikulu, makamaka lofuna kuzula mano, waya ukadali patsogolo.

Choncho pulasitiki ikakhala m'manja mwa dokotala si mdani wa waya. Ndi chida china m'bokosi lomwelo.

Pomwe dokotala adachotsedwapo

Zomwe SmileDirectClub idachita itayamba mu 2014 ndi kutenga pulasitiki yomweyi n'kuchotsapo ulendo wa kuchipatala. Munthu ankalandira phala loumbira chikombole cha mano ake kunyumba, kapena ankapita kusitolo ya kampani kukajambulitsa mano. Dokotala wina, yemwe atha kukhala mtunda wa makilomita mazanamazana, ankavomereza ndondomeko pa kompyuta, ndipo bokosi la mapulasitiki linkafika pa positi. Mtengo wake udali pafupifupi madola 2 000.

Kampaniyi inkanena kuti ikuthandiza anthu omwe madokotala adawataya kaamba ka umphawi kapena kutalikira, ndipo inkati mabungwe a madokotala akuilimbana nayo chifukwa choopa kutha kwa malonda awo. Mfundoyi idali ndi choonadi chake, ndipo anthu ambiri a vuto laling'ono adakhutira ndi zomwe adapeza. Pomwe inkalowa pamsika wa masheya mu Sepitembala 2019, mtengo wake udali madola 8.9 biliyoni.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chikombole ndi chithunzi cha pa foni zimaonetsa mitu ya mano yokha. Sizionetsa muzu waufupi, fupa lodyeka, thumba la mafinya pansi pa dzino kapena dzino lomwe lidabisala m'nsagwada. Madandaulo adayamba kumveka a anthu omwe mano awo akumbuyo adasiya kukumana, ena nkhama kuthawa, ena mano kugwedera.

Mu Januwale 2020 nyuzipepala ya New York Times idaulula kuti ofuna kubwezeredwa ndalama ankawasainitsa pangano loti asadzanene zoipa za kampaniyo. Mu Juni 2023, itatengeredwa kukhoti ndi mkulu wa zamalamulo wa mzinda wa Washington DC, kampaniyo idavomera kumasula anthu 17 000 ku pangano lotereli. Patatha miyezi itatu idalengeza kuti yagwa, ili ndi ngongole ya pafupifupi madola 900 miliyoni.

Ku Britain, General Dental Council idali itanena kale mu Meyi 2021 kuti kuwongola mano ndi pulasitiki ndi ntchito ya udokotala, ndipo palibe chomwe chingalowe m'malo mwa kupima munthu pamaso asadayambe chithandizo. Idatinso munthu ali ndi ufulu wodziwa dzina la dokotala yemwe akumuthandiza ndi kulankhula naye.

Chiphunzitso cha lilime

Gulu lina la otsutsa waya limabwera ndi mfundo yosiyana kotheratu. John Mew, dokotala wa ku Britain yemwe ndi bambo ake a Mike Mew, adayambitsa chiphunzitso chomwe adachitcha orthotropics. Iye ankati mano okhota si chibadwa. Amabwera chifukwa ana a masiku ano amadya zofewa, amapumira kukamwa ndipo lilime lawo limagona pansi m'malo mokhala kumwamba kwa m'kamwa, motero nsagwada sizikula mokwanira.

Malinga ndi chiphunzitsochi, waya ndi kuzula mano zimangokonza zizindikiro n'kusiya gwero la vuto. Mankhwala ake akuti ndi kuyamba mwana akadali wamng'ono, kumukuza nsagwada ya kumwamba ndi chipangizo, ndi kumuphunzitsa kutseka pakamwa. M'mera m'poyamba, amatero akuluakulu.

Gawo lina la mfundoyi lili ndi mboni. Akatswiri ofufuza mafupa a anthu akale adapeza kuti makolo omwe ankadya zolimba adali ndi nsagwada zazikulu ndipo mano awo sankapanikizana ngati a anthu a m'mizinda ya lero. N'zodziwikanso kuti mwana yemwe amayamwa chala mpaka mano achikulire atayamba kumera amatha kukankhira mano akutsogolo panja.

Koma kudziwa gwero la vuto ndi kukhala ndi mankhwala ake ndi zinthu ziwiri. Bungwe la madokotala owongola mano ku America la American Association of Orthodontists lidanena kuti palibe umboni wa sayansi wosonyeza kuti kukanikiza lilime kumwamba, komwe achinyamata a pa TikTok amakutcha mewing, kungasinthe maonekedwe a nsagwada. Kwa munthu wamkulu yemwe mafupa ake adakhwima kale, nkhani yake ndi yovuta kwambiri.

Ngakhale kuyamba msangako kuli ndi malire. Bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2018 lidapeza kuti ana a mano akumwamba otuluka kwambiri akayamba chithandizo ali ndi zaka 7 mpaka 11, chiwerengero cha ovulala mano akutsogolo chimatsika kuchoka pa 30 kufika pa 19 pa ana 100 alionse. Kupatula apo, amene adayamba msanga ndi amene adadikira mpaka atasinkhuka adathera pamodzimodzi.

John Mew adalandidwa chiphaso mu 2017. Mwana wake adachotsedwa m'bungwe la British Orthodontic Society, ndipo mlandu womwe udathera pa chigamulo cha mu Novembala 2024 udakhudza momwe adathandizira ana awiri ang'onoang'ono komanso zomwe ankanena pa YouTube.

Ku America, lonjezo lofanana ndi lomweli lidabweretsa misozi. Chipangizo chotchedwa AGGA chinkagulitsidwa ponena kuti chimakuza nsagwada ya munthu wamkulu popanda opaleshoni, ndipo chidaikidwa mwa anthu oposa 10 000. Atolankhani a KFF Health News ndi CBS News adaulula mu Malichi 2023 kuti anthu angapo adakasuma kukhoti ponena kuti m'malo mokuza nsagwada, chipangizocho chidakankhira mano awo kunja kwa fupa. Mwezi womwewo FDA idachenjeza anthu za zipangizo za mtundu umenewu.

Mawaya onamizira ndi mphira

Pansi penipeni pa makwerero amenewa pali njira zomwe mulibe dokotala ngakhale wa pa kompyuta. Ku Thailand ndi Indonesia, komwe mawaya a mano adayamba kuonedwa ngati chizindikiro chakuti makolo ndi opeza bwino, achinyamata adayamba kugula onamizira m'misika ndi m'masaluni. Mu 2006 boma la Thailand lidachenjeza kuti ogulitsa mawayawa atha kukakhala kundende miyezi 6.

Waya wonamizira nawo umakankha mano, koma popanda amene akudziwa komwe akupita. Zomatira ndi zitsulo zake palibe amene adazipima, ndipo kachitsulo kakamatuka kamatha kumezedwa.

Ena amakulunga kamphira pa mano awiri akutsogolo pofuna kutseka mpata. Dzino limaonda chakumuzu, motero kamphirako kamatsetserekera m'nkhama osaoneka, n'kumadula timinyewa togwira dzino. Mu 2018 magazini ya madokotala owongola mano ku America idalemba za mnyamata wa zaka 8 wa ku Greece yemwe adataya mano ake awiri akutsogolo achikulire mwa njira imeneyi. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa msinkhu umenewu mpata wotere nthawi zambiri umatsekeka wokha mano a m'mbali akamera.

Chaka cha 2017, American Association of Orthodontists idati pafupifupi 13 peresenti ya mamembala ake omwe adafunsidwa adalandirapo anthu omwe adayesa kudziwongola okha mano.

Nanga kuno kwathu?

Ngati njira zachidule zidapeza msika m'mayiko momwe madokotala a mano ali pakona iliyonse, kuli bwanji m'dziko lomwe madokotalawo ndi owerengeka?

Pomwe sukulu ya College of Medicine, yomwe tsopano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences, inkayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019, dziko la Malawi lidali ndi madokotala a mano osakwana 50 pa anthu oposa 17 miliyoni, ambiri mwa iwo ali m'mizinda. Maphunzirowa adayamba ndi thandizo la yunivesite ya Glasgow ndi boma la Scotland kudzera m'ntchito yotchedwa MalDent, yomwe idathandizanso kuti boma likhazikitse ndondomeko yoyamba ya umoyo wa m'kamwa mu Epulo 2022.

M'zipatala za m'maboma, omwe amagwira ntchito yaikulu ya mano ndi anthu ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo odwala ambiri amafika dzino litaola kale moti chotsala ndi kuzula basi. Kuwongola mano ndi luso lapamwamba lomwe dokotala amakaliphunzira kwa zaka zina zitatu kapena zinayi atamaliza digiri yoyamba.

Kafukufuku wa dziko lonse yemwe adachitika mu 2013 adapeza kuti 21 peresenti ya ana a zaka 12 ndi 15 adali ndi mano obooka, pomwe pakati pa akuluakulu a zaka 35 kupita m'tsogolo adali 49 peresenti. Chiwerengerochi chili ndi tanthauzo pa nkhani ya kuwongola mano. Dokotala weniweni samata waya kapena kuveka pulasitiki pa mano obooka kapena nkhama zodwala asadachize kaye. Wogulitsa pa intaneti sangadziwe n'komwe kuti vutolo lilipo.

Ndipo zinthu zikalakwika, kukonza kwake n'kovuta kuposa kuyamba. Munthu wa ku Nashville yemwe SmileDirectClub idamusiya panjira adali ndi madokotala ambiri oti n'kupitako akapeza ndalama. Wa ku Nsanje kapena Chitipa yemwe wagwedeza mano ake ndi waya wotumizidwa ndi m'bale wa kunja atha kungopeza womuzula, n'kutsala ndi magweru moyo wake wonse.

Lamulo lilipo. Medical Council of Malawi, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, ndiyo imalemba m'kaundula madokotala ndi onse ogwira ntchito ya mano, ndipo yemwe sali m'kaundulamo saloledwa kugwira ntchitoyi. Koma lamuloli lidalembedwa kusadabwere malonda a pa WhatsApp ndi Facebook. Zomwe zidachitika ku Britain ndi ku America zikusonyeza kuti mabungwe oyang'anira amadzidzimuka malonda atafika kale patali.

Njira yomwe saitsatsa

Pali njira ina yomwe palibe kampani yomwe imaitsatsa chifukwa mulibe phindu: kuwasiya mano momwe alili.

Mano okhota pang'ono si matenda. Mpata wapakati pa mano akutsogolo, womwe makampani a kunja amaujambula ngati chilema chofunika kukonza, m'madera ambiri a mu Africa umaonedwa ngati kukongola.

Ofufuza a ku Cardiff m'dziko la Wales adayamba mu 1981 kutsatira ana oposa 1 000 a zaka 11 ndi 12, n'kudzaonanso ena mwa iwo patatha zaka 20. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2007 zidasonyeza kuti amene adawongoledwa mano adali okhutira ndi maonekedwe a mano awo, koma pa nkhani ya kudzidalira ndi mtendere wa mumtima sadasiyane kwenikweni ndi anzawo omwe sadawongoledwe.

N'chifukwa chake zipatala za boma za NHS ku Britain siziwongola mwana aliyense. Zimagwiritsa ntchito muyeso wa magawo asanu, ndipo ana osakwana zaka 18 omwe amathandizidwa ulere ndi omwe vuto lawo ndi lalikulu: mano otuluka kwambiri moti atha kuthyoka mwana akagwa, dzino lokanirira m'fupa, mano osakumana moti kutafuna kumavuta, kapena mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika. Makolo a Chimalawi omwe ali kumeneko ayenera kudziwa kuti khomo lolowera ndi dokotala wa mano wa banja lawo, yemwe amatumiza mwana kwa katswiri.

Mavuto akuluakulu amenewa ndi omwenso njira zachidule sizingawathe. Apa ndiye pali chododometsa: yemwe pulasitiki ya pa positi ingamuthandize ndi yemwe akadatha kukhala osawongola n'komwe, pomwe yemwe akufunikadi thandizo ndiye ingamuvulaze kwambiri.

Madokotala nawo ali ndi gawo lawo. Anthu 2 miliyoni sadathamangire ku SmileDirectClub chifukwa chopusa, koma chifukwa khomo la kuchipatala lidali lokwera mtengo. Mtengo ukapanda kutsika, ndipo akatswiri akapanda kuchuluka, kampani ina idzadzuka ndi dzina latsopano ndi lonjezo lomwelo.

Pakadali pano, kholo kapena wachinyamata yemwe akuganiza zowongola mano ali ndi mafunso omwe ayenera kufunsa asadatulutse ndalama. Kodi yemwe adzagwire ntchitoyi ali m'kaundula wa khonsolo ya madokotala? Kodi apima nkhama ndi kujambula X-ray asadayambe? Adzaonana naye kangati, ndipo dzino likayamba kugwedera adzamupeza kuti? Nanga ntchito ikatha, chogwirizira mano chili m'kati mwa mtengo?

Wogulitsa yemwe akulonjeza mano owongoka m'miyezi yochepa, popanda kupima ndi popanda kubwereranso, akulonjeza zomwe fupa silingachite. Ilo limayendabe milimita imodzi pamwezi monga linkachitira m'nthawi ya Angle, ndipo akuluakulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.